Kumene usipa wathu umathera: moyo wa m'midzi ya kuseri kwa tiyi ku Thyolo

Thumba la usipa likachoka pa thandala ku Makawa, ku Malembo kapena ku Senga Bay, ambiri a ife timaliperekeza ndi maso mpaka pa lole basi. Timadziwa kuti likupita ku Limbe. Komatu ulendo wake suthera pamenepo. Ku Limbe amayi a geni amaligawana m'mabeseni, n'kukwera nalo minibasi ya ku Thyolo, ku Luchenza kapena ku Makwasa. Ena amapitirira pa kabaza, kukwera ndi kutsika zitunda, mpaka kukafika m'midzi imene galimoto imafikako mwa apo ndi apo. Kumeneko usipa uja amauika pa timilu ting'onoting'ono, ndipo kamulu kamodzi kamakhala ndiwo ya banja lonse.

Anthu ogula timilu timeneti ndi makasitomala athu, ngakhale sitinaonanepo nawo. Abale awo ena lero ndi anansi athu ku Mangochi ndi ku Machinga. M'kope lino tati tikambeko za moyo wawo, chifukwa nkhani yawo yaikulu, nkhani ya malo, yafika kale kuno kunyanja.

Kumsewu kobiriwira, kumudzi kothina

Munthu akachoka ku Limbe kudzera pa Bvumbwe, akayenda makilomita pafupifupi 40 amafika pa boma la Thyolo. Asanafike n'komwe maso amakhala atakhuta kale. Zitunda zonse ndi tiyi yekhayekha, wosadzidwa mofanana ngati tebulo. Ngakhale mu Okutobala, pamene kwathu kuno udzu wapsa ndipo mbuzi zikukungudza makungwa a mitengo, kumeneko kumakhala kobiriwirabe. Minda imeneyi ndi ya maesiteti monga Satemwa, Conforzi, Makandi, Naming'omba ndi Nchima. Pakati pa tiyi pali nkhalango za bulugamu, zimene nkhuni zake amaumitsira tiyi ku fakitale, komanso minda ya makademiya ndi madamu a madzi.

Chimene munthu wa pa basi sachiona ndi midzi. Midzi yambiri ili kuseri, kumene esiteti yathera: m'malo otsetsereka, m'mbali mwa phiri la Thyolo, ndi kumunsi cha ku Masambanjati, Thekerani ndi Sandama, kumene dziko limatsikira ku mtsinje wa Ruo ndi ku chigwa cha Shire. Nyumba zimakhala zothithikana, munda uli pakhomo pomwepo, ndipo malire a munda wa uyu ndi wa uyo ndi mzere umodzi wa nandolo kapena chinangwa. Mvula ikagwa, misewu ya dothi lofiira imaterera moti wodwala amanyamulidwa pa machira kukafika pamene galimoto ingaime.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 700,000 m'boma la Thyolo, pa malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 1,700. Boma la Mangochi ndi lalikulu kuposa Thyolo katatu ndi kupitirira, koma anthu ake sakwana kuwirikiza kawiri a ku Thyolo. Ndiye pa malo ochepa omwewo muchotsepo gawo la maesiteti, lomwe ndi la nthaka yabwino. Chotsalacho ndicho anthu akugawana. Mabanja ambiri alibe ngakhale ekala imodzi yathunthu.

Zinayamba bwanji?

Kale m'mapiri amenewa munkakhala Amang'anja, ndipo chapakati pa zaka za m'ma 1800 Ayao anafikanso m'dera la mapiri a Shire. M'zaka za m'ma 1880 ndi 1890 azungu anayamba kutenga malo kwa mafumu posinthanitsa ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi tinthu tina. Mwa mwambo wathu mfumu imapatsa mlendo pokhala ndi polima, koma malo amakhalabe a mudzi. Pepala la mzungu linkanena zina. Kuyambira mu 1892 bwanamkubwa Harry Johnston anayamba kupereka zikalata zotchedwa Certificates of Claim, zotsimikiza kuti malowo ndi a azunguwo mpaka kalekale. Kampani ya British Central Africa Company yokha inatenga dera lalikulu la boma limene nthawi imeneyo linkalembedwa kuti Cholo.

Anayamba ndi khofi, kenako thonje ndi fodya. Tiyi anayambira ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890 ndipo anafika ku Thyolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Satemwa, mwachitsanzo, inayambitsidwa ndi Maclean Kay mu 1923.

Minda yaikulu chonchi inkafuna manja ambiri. Nthawi yomweyo, kutsidya kwa malire ku Mozambique, Alhomwe a m'dera lozungulira phiri la Namuli ankathawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Kuyambira cha m'ma 1900 anawoloka ambirimbiri, m'magulu awo monga Amihavani, Akhokhola, Atakhwani ndi Amanyawa. Pokhala alendo opanda malo, anavomera kukhala pa malo a esiteti, mtengo wake n'kugwira ntchito kwa mwini malo. Imeneyi ndiyo inali thangata.

Taonani mmene mawu amasinthira. Kuthangata ndi kuthandizana, monga timachitira pokoka khoka kapena pofolera nyumba ya mnzathu. Koma pa esiteti thangata inasanduka lendi yolipira ndi thukuta. Pa pepala inali miyezi yowerengeka pa chaka, koma mwezi wake unkatalika monga mmene kapitawo wafunira, ndipo unkagwa nthawi ya dzinja pamene munthu amafunika m'munda mwake. Wokana ankathamangitsidwa. Madandaulo amenewa anali m'gulu la zimene zinautsa John Chilembwe ku Chiradzulu mu 1915, ndipo ambiri mwa omutsatira anali Alhomwe. Mu Ogasiti 1953 ku Thyolo kunabuka zipolowe zimene zinafalikira m'maboma ena a kummwera, anthu n'kufa. Boma la atsamunda linagula malo ena osalimidwa n'kukhazikapo anthu, ndipo thangata inathetsedwa mu 1962. Koma malo a tiyi anakhalabe mmene analili, ufulu wa 1964 n'kuwapeza ali chomwecho.

Ngakhale dzina lawo anachita kulimenyera. Atsamunda ankawatcha Anguru, dzina lachipongwe. Lewis Mataka Bandawe, yemwe anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chilhomwe, anatsogolera bungwe la Alhomwe mu 1943 kuti dzina limenelo lichoke m'mabuku a boma. Chodabwitsa n'chakuti dziko limene anachokera, la Gurue m'munsi mwa Namuli, nalonso linadzasanduka dziko la maesiteti a tiyi.

Chaka chimayendera tiyi

Monga mmene moyo wathu umayendera mwezi, mphepo ndi nyanja, moyo wa m'midzi iyi umayendera tiyi. Tiyi amaphukira kwambiri nthawi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo. Apa ndipo maesiteti amalemba anthu ambiri. Wothyola tiyi amadzuka kusanache, kuyenda m'chifunga ulendo wautali, dengu kumsana, pulasitiki m'chiuno kuti mame asamunyowetse. Amathyola nsonga yanthete, masamba awiri ndi kamphukira kapamwamba, n'kumaponya m'dengu osatembenuka. Dengu likadzaza amapita pa sikelo, kalaliki n'kulemba makilogalamu. Pali mlingo wa tsiku, ndipo wopitirira mlingowo amalandira kowonjezera.

Masamba amenewa sagona. Tsiku lomwelo thirakitala imawanyamula kupita ku fakitale, kumene amawafotetsa, kuwadula ndi makina, kuwasiya kuti asinthe mtundu, kuwaumitsa ndi moto wa bulugamu ndi kuwasefa. Makilogalamu anayi kapena asanu a masamba aawisi ndiwo amatulutsa kilogalamu imodzi ya tiyi wouma. Wina amagulitsidwa pa okushoni ku Limbe, ndipo wambiri amapita kunja, makamaka ku Britain ndi ku South Africa. Pa mbewu zobweretsa ndalama zakunja m'dziko muno, tiyi ali m'gulu la zikuluzikulu pambuyo pa fodya.

Vuto lake nali. Nthawi imene tiyi akufuna manja ndi nthawi yomwe chimanga cha pakhomo chikufuna kupalira ndi kubandira, ndiponso ndi miyezi ya njala, Januwale ndi Febuluwale. Munthu ayenera kusankha: apite kukathyola kuti apeze ya ufa wa lero, kapena apalire kuti adzadye mawa. Mabanja ambiri amagawana, wina ku tiyi, wina kumunda, ana n'kumathandiza akaweruka kusukulu. Munda ukapaliridwa mochedwa zokolola zimachepa, ndipo chaka chamawa banja lomwelo limabwereranso ku dengu msanga.

Mvula ikatha tiyi amachepa, ndipo antchito ambiri a nyengo amaimitsidwa. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumabwera chiperoni, kamvula kamawawa ka chifunga ndi kuzizira, kamene kanatenga dzina ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Pajatu mphepo yobweretsa chiperoni ndi yomwe ija timaitcha mwera kuno. Tsiku limene ife takokera mabwato kumtunda chifukwa nyanja yakalipa, anzathu kumapiri akuwotha moto masana, makaka awo akulephera kuuma. Wogulitsa nsomba amadziwa kusiyana kwa nyengo ziwirizi. Tsiku la malipiro nthawi ya tiyi beseni limatha dzuwa lisanapendeke, pamene m'chilimwe munthu amagula kamulu kamodzi n'kupempha basela.

Pa nkhani ya malipiro pakhala kukokanakokana kwa zaka zambiri. Mu 2016 bungwe la antchito a m'minda la PAWU ndi bungwe la eni maesiteti la Tea Association of Malawi anasainirana mgwirizano woyamba wokambirana malipiro pamodzi. Ndi sitepe ndithu, ngakhale kukwera kwa mitengo ya zinthu kumadya msanga chilichonse chowonjezeredwa.

Palinso alimi ang'onoang'ono amene ali ndi tiyi wawowawo. Boma linayambitsa Smallholder Tea Authority mu 1967 kuti Amalawi nawonso alime tiyi, ndipo lero alimi otere ali m'mabungwe awo, monga la Msuwadzi limene limagulitsa masamba ku Satemwa. Mtengo wa tiyi umatenga zaka zitatu kapena zinayi kuti uyambe kupindula, koma ukakhazikika umadyetsa mpaka zidzukulu. Chovuta n'chakuti mlimi sangasunge masamba kudikira mtengo wabwino. Ali ngati msodzi amene wagwira chambo alibe ayezi: wogula amene ali pafupi ndiye yemweyo.

Luso la munda wochepa

Kusowa malo kwaphunzitsa anthu awa ulimi umene ife a minda yotakasuka tingatengereko. M'munda umodzi mumapezeka chimanga, nandolo, nyemba, maungu, chinangwa m'malire, mbatata m'mphepete, ndi mtengo wa mapeyala pakona. Palibe mbewu imene ili m'menemo mwangozi. Nyemba zimacha msanga n'kupulumutsa banja chimanga chisanakhwime. Nandolo amatsala m'munda chimanga chitakololedwa, masamba ake amayoyoka n'kubwezera chonde m'nthaka, mitengo yake ndi nkhuni, ndipo mbewu yake ndi ndiwo komanso ndalama. Chinangwa amachisenda, kuchiyanika n'kukhala makaka, nkhokwe ya m'miyezi yovuta.

Ndiye pali kalongonda, nyemba imene Alhomwe amadziwika nayo. Kalongonda safuna wothamanga. Ali ndi poizoni amene amazunguza mutu ngati sanaphikidwe bwino, choncho amamuwiritsa nthawi yaitali, kutaya madzi, kuthira ena, kuwiritsanso, tsiku n'kutha. Amayi a kumeneko amadziwa pamene wafika. Akatswiri a zaulimi lero amalimbikitsa mbewu yomweyi kuti imaphimba nthaka ndi kuwonjezera chonde, chinthu chimene agogo a ku Thyolo ankachita kale osachitcha dzina.

Nandolo naye ali ndi phunziro lake. Wambiri wa m'dziko muno amene amagulitsidwa kunja amapita ku India. Mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wolowa kuchokera kunja, mtengo unagwa koopsa, alimi n'kutsala ndi matumba m'nyumba. Chigamulo cha anthu a ku New Delhi chinafika mpaka pa mbale ya mwana wa ku Thekerani. Amene anapulumukako ndi amene sanadalire mbewu imodzi.

Cha ku Bvumbwe ndi ku Goliati mabanja ena amaweta ng'ombe ya mkaka imodzi kapena ziwiri m'khola, osazitulutsa kubusa poti kubusako kulibe. Amazimwetera nsenjere wodzalidwa m'malire a munda, ndowe n'kubwerera kumunda, mkaka n'kupita pa njinga kumalo osonkhanitsira a magulu a alimi amene ali pansi pa Shire Highlands Milk Producers Association. Kuderali ndikonso kumachokera matimati, kabichi ndi ndiwo zamasamba zambiri zodyedwa mu Blantyre.

Musadabwe, kumapiri kulinso asodzi. M'zigwa mmene muli akasupe osaphwa, anthu anakumba madamu a nsomba momwe amaweta makumba ndi chilunguni, kuzidyetsa madeya ndi masamba, ndi kuthira manyowa kuti madzi abiriwire. Nsomba zimakula pang'onopang'ono m'miyezi yozizira, ndipo sizingakwanire boma lonse, n'chifukwa chake usipa wathu udakali ndi msika. Koma madzi a m'damu omwewo amathirira dimba, matope ake n'kukhala manyowa. Palibe chotayika.

Nthochi zinapita

Amene ali ndi zaka makumi anayi akukumbukira kuti ukati nthochi umanena Thyolo. Malole ankatsika kuchokera ku Thekerani ndi ku Masambanjati atadzaza mikoko, kupita ku Blantyre, ku Lilongwe ndi kuno kunyanja. Nthochi inali banki ya mudzi. Imabereka chaka chonse, siifuna feteleza wambiri, ndipo imagwira nthaka pa malo otsetsereka. Fizi ya sukulu, malata, ndalama ya kuchipatala, zonse zinkachokera pa phata la nthochi.

Kenako kunabwera chisaka. Matendawa m'dziko muno anayamba kuonekera ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1990, ndipo patapita zaka anafika kummwera. Nthochi yogwidwa imapinimbira, masamba ake amachepa n'kuunjikana pamwamba ali chiimire, ndipo sibereka. Kachilombo kake kamafalitsidwa ndi nsabwe zakuda za pa nthochi komanso ndi anthu onyamula ana a nthochi kuchoka m'munda wodwala. Mankhwala ake palibe. Alangizi anauza anthu kuti azule mapata onse ndi kuwawononga asanadzale mbewu yatsopano yopanda matenda. Kunena n'kosavuta, koma kuzula phata la nthochi pa phiri ndi ntchito yoswa msana, ndipo mnansi mmodzi akakana kuzula, nsabwe za m'munda mwake zimabwezera matenda kwa onse. Mapeto ake dziko lathu linayamba kudya nthochi zochokera ku Tanzania ndi ku Mozambique.

Alimi ena ayambiranso ndi mbewu yoyera yochokera kwa alangizi ndi ku malo a kafukufuku a Bvumbwe. Ife amene tili ndi nthochi m'madimba a m'mbali mwa nyanja tisatenge mwana wa nthochi kwa aliyense chifukwa choti ndi m'bale. Tiyambe taona munda umene akuchokera, ndipo phata lodwala tizule msanga.

Phiri likatha mitengo

Munthu wopanda munda amayang'ana kuphiri. Nkhalango ya phiri la Thyolo, imene inali yowirira mpaka kukhala ndi mbalame yotchedwa ndi dzina la bomali, Thyolo alethe, inadulidwa pafupifupi yonse anthu atalowamo kukatsegula minda. Chigawo chooneka chimene chatsala chili m'malo otetezedwa ndi esiteti ya Satemwa. N'kosavuta kuwaweruza anthuwo uli kutali. Koma bambo amene ana ake akulira njala, kutsogolo kwake kuli tiyi wa eni, kumbuyo kuli phiri, mukuganiza kuti khasu aliloza kuti?

Malipiro ake amabwera ndi mvula. Nthaka ya pamwamba imakokoloka, akasupe amaphwa msanga, ndipo amayi amayenda mtunda wotalikirapo kukatunga madzi ndi kukatola nkhuni. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osalekeza m'maboma a kummwera, Thyolo ili m'gulu. Mapiri anagumuka ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, ndipo m'dziko lonse anthu opitirira 600 anafa, ena mazanamazana osapezeka. M'midzi ya m'mapiri minda inakokoloka, milatho inaduka, ndipo madera ena anakhala masiku osafikika. Lero mukapita mupeza anthu akudzala vetiva m'mizere yopingasa, kukonza akalozera ndi kubwezeretsa mitengo m'mbali mwa mitsinje.

Ife tisaone ngati za kutali. Nkhuni zowambira nsomba ndi makala zikuchokera ku mapiri athu a Namizimu ndi Phirilongwe, ndipo dothi lokokoloka kumeneko limathera m'nyanja, kukakwirira malo amene chambo chimaswera.

Mbumba, chilankhulo ndi tchopa

Pa chikhalidwe, Alhomwe amafanana nafe ambiri a kuno. Mwamuna amakakhala kwa mkazi, ana ndi a kuchikazi, munda umadutsa kwa mayi kupita kwa ana aakazi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Tsono tawerengani. Mayi ali ndi ekala imodzi ndi ana aakazi atatu. Aliyense akakwatiwa afuna pomanga nyumba ndi polima. Aliyense wa atatuwo akadzakhalanso ndi ana aakazi atatu, ekala ija yagawidwa pasanu ndi panayi. Milandu ya malire pakati pa pachibale siichoka pabwalo la nyakwawa. Anyamata ambiri amangonyamuka, kupita ku Limbe kukachita geni kapena kabaza, ku Joni, kapena kuwoloka Ruo kukabwereka minda ku Mozambique, dziko lomwe azigogo awo anathawa.

Zaka zambiri za kunyozedwa zinachititsa kuti makolo asiye kulankhula Chilhomwe kwa ana awo. M'midzi yambiri lero ndi achikulire okha amene amachilankhula bwino, achinyamata amangodziwa moni ndi mawu owerengeka. Bungwe la Mulhako wa Alhomwe, limene linakhazikitsidwa pa Chonde ku Mulanje mu 2008 motsogozedwa ndi malemu Bingu wa Mutharika, mwana wa ku Thyolo komweko, limasonkhanitsa anthu chaka ndi chaka mu Okutobala pofuna kudzutsa chilankhulo, zakudya ndi magule. Gule wawo wa tchopa, amene amavinidwa pokondwerera zokolola komanso pa nthawi ya chilala kapena mliri, analembedwa ndi UNESCO mu 2014 m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse. Amene ana athu ayamba kuyankha m'Chichewa chokha tikawalankhula m'Chiyao tikudziwa mmene zimenezi zimayambira.

Anansi athu atsopano

Kuyambira mu 2004 mpaka 2011 boma, ndi thandizo la World Bank, linayendetsa ntchito yotchedwa Kudzigulira Malo. Mabanja osowa malo ankapanga gulu, kupeza esiteti imene mwini wake akufuna kugulitsa, ndipo ankathandizidwa kuigula ndi kusamukirako. Banja lililonse linkapeza mahekitala pafupifupi awiri. Mabanja opitirira 15,000 anapindula. Ambiri anali a ku Mangochi ndi ku Machinga konkuno, koma ena anachokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndipo pambuyo pake ntchitoyi inafikanso ku Balaka ndi ku Ntcheu.

Kwa munthu amene wakula akulima kagawo ka ekala, mahekitala awiri ndi loto. Ambiri anakolola chimanga chimene sanachionepo. Koma sizinali zophweka. Malo ena anali kutali ndi mjigo, sukulu, chipatala ndi msika. Kutentha ndi malungo a kuchigwa zinawavuta, ndipo m'madera ena munabuka mikangano ndi eni dera, amene nawonso ankayembekeza kuti malo a esiteti adzabwerera kwa iwo. Ena anabwerera kwawo. Amene anatsala ndi aja tikukumana nawo pa chigayo ndi pa maliro. Ambiri mwa iwo ndi Akhristu pamene ambiri a ife ndife Asilamu, kadyedwe ndi miyambo ina n'zosiyana, koma mnansi ndi mnansi. Tikamuona akudzala nandolo pakati pa chimanga mpaka m'malire, tisamuseke kuti ndi waumbombo wa malo. Tifunse, pali chimene akudziwa.

Ku Thyolo komweko nkhani ya malo sinazizire. Gulu la People's Land Organisation, lotsogozedwa ndi Vincent Wandale, linkafuna kuti malo a maesiteti osalimidwa aperekedwe kwa anthu komanso kuti pakhale chipukutamisozi cha thangata. Mu 2016 anthu a gululi analowa m'malo a esiteti ina ndipo Wandale anamangidwa. Eni maesiteti nawo ali ndi mfundo zawo: zikalata zawo n'zovomerezeka ndi malamulo, amalemba ntchito anthu zikwizikwi, ndipo ena amathandiza pa sukulu ndi zipatala za m'dera. Zonsezi n'zoona. N'zoonanso kuti mgwirizano umene unachitika tsiku limodzi zaka zoposa 130 zapitazo ukulamulirabe kukula kwa munda wa mwana wobadwa lero.

Chaona mnzako chapita

Tiyeni tsopano tiyang'ane gombe lathu. Kuchoka pa boma la Mangochi kulowera ku Monkey Bay, kapena ku Senga Bay ku Salima, ndi malo angati a m'mbali mwa nyanja amene ali ndi mpanda lero, pamene kale tinkakokerapo khoka, kuyanika nsomba, kuchapa ndi kumwetsa ziweto? Mahotela ndi makoteji amabweretsa ntchito ndi msika wa chambo, sitikukana. Tiyinso anabweretsa ntchito. Funso ndi lakuti mdzukulu wathu adzakhala mwini doko kapena mlonda wa pa geti. Ndalama ya malo imatha chaka chomwecho, njinga yamoto yogulidwa imafa, koma mpanda sugwa.

Pali zimene tingachite zinthu zisanafike poipa. Malo a banja asagulitsidwe ndi munthu mmodzi kumbali, kaya ndi malume kaya ndi mfumu. Mbumba yonse ikhale pansi, amayi ali pomwepo, pakuti ndiwo eni munda. Pepala lililonse liwerengedwe mokweza ndi munthu wathu wodziwa kuwerenga chala chisanadindidwe, ndipo timvetse ngati tikubwereketsa kwa zaka zowerengeka kapena tikutaya mpaka kalekale. Mafumu pamodzi ndi makomiti a m'madoko, ma BVC, agwirizane ndi kulemba malo amene sadzagulitsidwa: doko, pa matandala, njira yopita kumadzi, manda, madambo. Lamulo la malo a makolo la 2016 limapereka mwayi woti banja lilembetse malo ake kudzera m'komiti ya malo ya m'dera n'kukhala ndi chikalata. Tipite ku ofesi ya DC tikafunse mmene ntchitoyi ikuyendera m'dera lathu.

Kuti mudzi ungathe kusunga chake, umboni tili nawo pafupi. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, a Makanjira ndi anthu awo akhala akutseka usodzi nthawi ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amamvera. Ngati tinatha kugwirizana pa nsomba zimene zimasambira n'kupita, pa nthaka imene ili pansi pa mapazi athu tisalephere. Anzathu a ku Thyolo sanafunsidwe pamene malo awo ankalembedwa. Ife tikufunsidwa, ndipo yankho likufunika msonkhano wa mudzi usanachedwe.